Ndinalondola Mipando ya Malemu Amuna Anga

1

Alamu anga, mchemwali wawo wa amuna anga, anandinamiza. Ndikuyamba ndi iwowo chifukwa ndi amene anayamba. Anandiuza kuti amuna anga ali ndi chibwenzi, akudziwa bwinobwino kuti chibwenzicho kulibe. Patatha chaka ndi miyezi iwiri anaimirira pamaliro a mchimwene wawoyo, kampango kali kumaso, n'kumauza anthu kuti, "Mkazi uyu ndi amene wapha achimwene anga."

Tsiku limenelo ndinakhala chete chifukwa bokosi linali lisanatuluke m'nyumba. Lero sindikhala chete. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, ndiye musayembekezere mawu okometsera. Ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo litsiro ndimalitchula kuti litsiro.

Amuna anga anali kalipentala. Manja abwino, kukhosi koipa. Anamwa zaka makumi awiri. Ndinawatolapo m'ngalande, ndinawatolapo pakhomo la tchalitchi. Tsiku lina ndinawapeza atagona pa tebulo la kasitomala guluu asanaume, mpaka tinachita kudula malaya ndi sizasi kuti munthu adzuke. Alamu anga ankangoseka.

"Amuna ndi otero, mlamu. Bola sakumenyani."

Kenako amuna anga anasiya mowa. Popanda kulengeza, popanda kulumbira. Lachitatu lililonse ikamakwana 3 koloko masana ankatseka shedi yawo, kusamba, kundipempha kuti ndiwasitire malaya oyera, n'kutuluka. Ankabwera dzuwa lisanalowe, akununkhira sopo ndi tiyi basi.

"Mukupita kuti?"

"Kukaonana ndi anzanga."

"Anzanu ati? Anzanu onse ndimawadziwa, ali ku bala."

"Awa ndi ena."

"Alibe mayina?"

"Ali nawo, koma si anga oti ndizigawa."

Zinayenda choncho miyezi isanu ndi iwiri. M'miyezi imeneyo anakhoma mipando khumi ndi iwiri ndi matabwa otsala pa ntchito za anthu. Penti nayenso anali wotsalira, wobiriwira anathera panjira, ndiye mpando uliwonse unali ndi miyendo itatu yobiriwira, wachinayi wofiira. Ndinawaseka.

"Ndani agule mipando yovala sokosi imodzi?"

"Siyogulitsa," anatero. "Ndipo okhalapowo sayang'ana miyendo."

Tsiku lina mipando ija inachoka pakhomo, osandiuza kumene yapita.

2

Alamu anabwera Lachitatu lina, amuna anga atangotuluka kumene. Anandipeza ndili pa tebulo lositira. Anakhala pansi osawauza kuti khalani.

"Mlamu, malaya oyera aja mumawasitira kuti akaoneke bwino kwa ndani?"

"Mukufuna kunena chiyani?"

"Ine sindikunena kanthu. Koma kuseri kwa sitolo ya zitsulo kuli kachipinda ka chitseko cha buluu. Ndawaona ndi maso angawa akulowamo ndi aphunzitsi aja a magalasi. Mipando ija mukuti ili kuti? Anakhomera mkazi mnzanu, inu mukukhalira ndowa."

Ndinasiya simbi ili chiimire. Sindikumbuka kuti ndinavala nsapato kapena ayi.

Chitseko cha buluu ndinachikankha ndi phazi. M'katimo munali anthu khumi ndi mmodzi. Anakhala mozungulira pa mipando ya sokosi imodzi ija, aliyense ndi kapu ya tiyi. Amuna anga anali ataimirira, akulankhula, misozi ili mbwembwembwe. Mpando umodzi pafupi ndi wawo unalibe munthu.

Munthu wanzeru akanaima n'kufunsa kuti chibwenzi chanji cha anthu khumi ndi mmodzi. Koma ine mkwiyo ndinali nditaunyamula kuchokera kunyumba, mtunda wonse uja, ndipo sindikanabwerera nawo osautula.

"Mayi, khalani pansi, mpando ulipo," anatero aphunzitsi aja modekha. "Pano timathandizana kusiya mowa."

"Eee! Ndiye nonsenu ndinu zidakwa?"

"Inde."

Yankho limenelo linandipsetsa mtima kuposa mbama. Ndinatsegula chitseko chonse, n'kuima pakhomo, n'kuyamba kukuwa kuti msewu wonse umve.

"Bwerani mudzaone! Aphunzitsi a ana anu ndi awa, chidakwa, akuba amuna a eni! Adalaivala a basi ya sukulu ndi awa! Mayi abusa ndi awa, abisala kuseri kwa kapu! A ku butchala ndi awa!"

Anthu anasiya kugula misomali. Anadzaza pakhomo, ena pawindo, akuseka, akuloza. Wina anajambula pafoni. Pofika mawa lake panalibe amene sanamve. Makolo analemba kalata, aphunzitsi anachotsedwa m'kalasi. Adalaivala anawalanda makiyi, munthu woti anali atatha zaka zitatu osalawa dontho. Lachitatu lotsatira pa chitseko cha buluu panali loko.

Amuna anga sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anavula malaya oyera aja, n'kuwapinda bwinobwino.

"Pakhomo paja pali lamulo," anatero. "Amene wamuona muno, musiye muno. Anthu aja anandikhulupirira. Ndipo ndine amene ndawabweretsera iwe."

3

Patatha masabata atatu anamwanso. Mmene zinayambira ndinena, musandifulumizitse.

Ulendo uno anamwa ngati munthu amene wachedwa basi. Shedi inachita dzimbiri, macheka anawagulitsa, maso anasanduka achikasu. Adokotala anati chiwindi chatha.

Kuchipatala, nthawi yoona odwala ya masana, ndinakumana ndi alamu m'khonde, atanyamula fulasiki. Ndinawatsekera njira.

"Munkadziwa kuti m'chipinda muja munalibe chibwenzi."

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Inde ndinkadziwa. Ndiye ndikanatani? Achimwene aziimirira pamaso pa ogulitsa nyama n'kumanena kuti bambo athu ankamwa mpaka kudzinyowetsera pabedi? Kuti amayi athu ankabisala kwa aneba? Nkhani za m'banja mwathu?"

"Anali atasiya mowa, alamu!"

"Mwamuna woledzera ku bala anthu amangomuseka, mawa aiwala. Koma wokaulula za makolo ake amatichotsa ulemu tonse. Ine sindikanatha kukawatulutsa. Inu pakamwa panu ndinkapadziwa."

Mwamva? Anandisankha ngati mmene munthu amasankhira nyundo. Ndipo nyundoyo inagwira ntchito.

Amuna anga anamwalira Lolemba m'mawa. Zimene alamu ananena pamaliro ndakuuzani kale.

4

Patatha miyezi itatu ndinayamba kufunafuna kumene anthu aja amakumana. Aliyense wondifunsa chifukwa ndinkamuuza kuti ndikufuna kukapepesa.

Ndinayambira ku chipatala chaching'ono cha pafupi. Anesi anafufuza m'kabati, n'kutulutsa kapepala kofumbwa kokhala ndi nambala ya foni.

"Mukufunira ndani, mayi?"

"Munthu wina."

"Onse amati munthu wina," anatero, osandiyang'ana.

Nambalayo inayankhidwa ndi bambo waulemu, koma gulu lake linali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Anati akudziwa kuti kwathuko kunali kagulu, koma kanasowa chifukwa mayi wina anakachita chipongwe. Ndinadula foni.

Ndinapita kwa abusa. Anandilandirira pakhonde, chitseko atachigwira ndi dzanja.

"Tikupemphererani, mayi."

"Sindikufuna pemphero, ndikufuna njira."

"Tikupemphererani," anabwereza, n'kutseka.

Ndinapita ku butchala.

"Mukufuna ya mafupa kapena ya mnofu?"

"Mumakumana kuti masiku ano?"

"Ndani?"

"Musandipusitse, bambo."

"Mayi, ine ndimakumana ndi mbuzi. Ndipo mbuzi siziulula. Wotsatira!"

Tauni yonse ili ndi mabala. Lililonse lili ndi chikwangwani, nyali, wailesi yophulitsa makutu. Ngakhale wakhungu angafikeko. Koma chipinda chimodzi cha anthu ofuna kusiya ndinachisaka miyezi iwiri osachipeza, ndipo amene anachititsa kuti chibisike ndinali ine ndemwe.

Nthawi imeneyo ntchito sinkayendanso. Ndinawotcha kolala ya malaya a bwana wina wa ku ofesi. Mayi wina anabwera kudzatenga makatani ake asanachapidwe n'komwe. Kenako mwana wanga wamkazi anabwera ndi khanda lake, mdzukulu wanga woyamba. Ndinalinyamula, ndisanalipsompsone n'komwe iye anatambasula manja.

"Amayi, mubweretseni kuno."

"Iwe, ndinakulera ndi manja omwewa."

"Si omwewa, amayi. Tawaonani."

Anamanga mwana kumbuyo. Pakhomo anatembenuka.

"Adadi ndaika m'manda. Sindikufuna mwana wangayu adzakudziweni kuti kenako nayenso adzakulireni. Mukakonzeka mundiimbire."

5

Linali Lachitatu masana, ndikupita kukapereka zovala zosita, mtolo uli pamutu. Pa mphambano ya ku depoti panadutsa bambo wina wa imvi akukankha ngolo yamanja, katundu ataphimba ndi lona. Mphepo inakweza ngodya ya lonayo. Ndinaona miyendo ya mpando. Itatu yobiriwira, umodzi wofiira.

Padziko lonse pali munthu mmodzi yekha amene penti anamuthera motero.

Ndinailondola ngolo ija. Inalowa mumsika, ine pambuyo. Inatulukira kwa osoka nsapato, inazungulira mpope wa madzi kawiri, ine ndili pambuyo ndi mtolo wanga ngati mbuzi yomangidwa pa chingwe. Pansi pa chitunda cha kumatayala bambo uja anaima, n'kupukuta thukuta.

"Mayi, mukundilondola."

"Sindikulondola inu. Ndikulondola mipando ya amuna anga."

"Mwandiiwala? Ndinkayendetsa basi ya ana asukulu. Pano ndikuyendetsa iyi. Ilibe hutala, koma palibe angandilande makiyi."



"Chichokereni inu, palibe amene amatibwereka chipinda kawiri motsatizana," anapitiriza. "Sabata ino kuno, yamawa uko. Mipando imagona kwanga, ndimaiyendetsa ngati katundu wakuba. Ndiye mukufunanji? Mwatsala ndi mayina ena oti mukuwe?"

"Ndikufuna kupepesa."

"Pepesani pompano. Ndikawauza."

Anagwira zigwiriro n'kuyamba kukankha. Ndinaponya mtolo wa zovala za eni pafumbi, n'kugwira ngoloyo ndi manja onse awiri. Anayang'ana manja angawo. Manjawo ankanjenjemera mpaka mipando inkagogodana pansi pa lona. Anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yake inasintha, osati kukhala yachifundo ayi, koma ngati ya makaniko amene wamva phokoso lomwe amalidziwa.

"Mwamaliza liti?"

Palibe amene anandifunsapo funso limenelo. Pakamwa panga, pomwe pankakuwa msewu wonse n'kumva, panatuluka timawu ta mwana.

"Dzulo masana."

"Tolani zovala zanuzo muike pamwamba. Gwirani mbali iyo. Chitundachi n'chovuta munthu mmodzi."

6

Sabata imeneyo ankakumana m'galaja, kuseri kwa omata matayala. Munkanunkha oyilo. Anatsala anthu asanu ndi awiri okha. Atandiona, supuni zinasiya kulira m'makapu.

"Uyu ayi," anatero a ku butchala. "Aliyense, koma uyu ayi."

Aphunzitsi anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anali ataonda. Ndinamva pambuyo pake kuti ankaphunzitsa ana atatu pakhonde la nyumba yawo.

"Funso lathu ndi limodzi kwa aliyense wolowa," anatero. "Sitifunsa kuti munachita chiyani. Mukufuna kusiya mowa?"

Apa ndi pamene ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuzizungulira.

Ine ndinkamwa. Zaka zisanu ndi chimodzi amuna anga asanasiye, ine ndinali nditayamba. Sindinapondepo ku bala, sindinagwepo m'ngalande. Wanga unkakhala m'botolo la sitachi yositira zovala, pashelefu ya sopo, pamene mwamuna sagwirapo. Ndinkawatukwana iwo kuti chidakwa, n'kulowa m'chipinda chochapira kukameza wanga. Atasiya mowa mphuno zawo zinatseguka, ndipo anadziwa. Sanandiyalutse. Anangoti tsiku lina, "Ukadzafuna, tidzapitire limodzi." Ndinachita ngati sindinamve. Ndiye pamene aphunzitsi anandiuza pakhomo la buluu paja kuti timathandizana kusiya mowa, sindinakuwe chifukwa cha nsanje. Nsanje inathera pakhomo pomwepo. Ndinakuwa chifukwa ndinaganiza kuti misozi ya amuna anga ija inali ya ine, kuti andiulula kale.

Si zokhazo. Patatha masabata atatu chichitikireni chipongwe changa, Lachitatu, amuna anga anasamba. Anasita okha malaya oyera aja. Anati aphunzitsi atumiza uthenga kuti mlandu si wawo, abwerere. Ndinaona kuti akapita, akachira, ine nditsala ndekha ndi botolo langa la sitachi m'nyumba ya munthu wosamwa. Ndinalitenga pashelefu paja, kuliika pa tebulo, makapu awiri.

"Mukudziwa kale," ndinatero. "Ndiye khalani, timwe limodzi kamodzi kokha, ngati anthu okwatirana. Sabata yamawa tidzapitira limodzi."

Anayang'ana kapu ija. Anayang'ana chitseko. Anakhala pansi.

Ndinathira ndine. Sabata yamawayo sinafike.

Zonsezi ndinazinena ndili chiimire m'galaja muja, pamaso pa anthu omwe ndinawayalutsa. Palibe anaseka. Palibe anati pepani. Adalaivala ankangoyang'ana pansi, akugwedeza mutu ngati akumva nkhani ya msewu umene anadutsamo.

"Simunayankhe funso," anatero aphunzitsi.

"Ndikufuna kusiya."

"Ine sindinakukhululukireni, mayi. Ndinaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mwina chaka chamawa, mwina ayi. Koma mpando si wanga woti ndikumaneni." Analoza umodzi. "Tinalipo khumi ndi mmodzi, amuna anu anakhoma khumi ndi iwiri. Tinawauza kuti awerengera molakwika. Anati ayi, winawo ndi wa munthu wa kunyumba, akubwera, angochedwa pang'ono. Ankauika pafupi ndi wawo sabata iliyonse. Za inu sanatiuzepo china chilichonse."

Ndinakhala pansi. Mpandowo sunagwedere ngakhale pang'ono. A ku butchala anatukwana chapansipansi, n'kundikankhira kapu ya tiyi.

"Gwirani ndi manja awiri, mungatitayire," anatero.

7

Lero ndakwanitsa miyezi inayi ndi masiku asanu ndi anayi osamwa. Sabata yoyamba anandiperekeza kuchipatala chifukwa thupi linkafuna kundigwetsa, ndipo anati kusiya wekha mwadzidzidzi n'koopsa. Lachitatu lililonse ndimakankha ngolo mbali yakumanzere, ndipo makapu ndimatsuka ndine. Aphunzitsi amandipatsa moni wa mawu awiri. Mwana wanga ndinamuimbira. Anabwera, anandinunkhiza ngati nyama ya pamsika, kenako anandipatsa mdzukulu wanga, iye atakhala pambali, manja ali chire. Sindinadandaule. Ndinamunyamula mpaka anagona.

Anzangawo anandilola kulemba izi. Ntchito zawo ndazisinthasintha, musavutike kuloza anthu. Kamodzi kaja kanandikwanira.

Musandimvere chisoni, sindinakupempheni. Langa ndalinena lonse: chitseko ndinakankha ndine, kukuwa ndinakuwa ndine, kuthira ndinathira ndine. Ndidzalinyamula mpaka tsiku langa. Koma sindinyamula ndi la ena lomwe.

Tsiku lija pakhomo la buluu sindinali ndekha. Munadzaza pawindo. Munaseka, munajambula, munalemba kalata yochotsa aphunzitsi amene anali atasiya, pamene ena oledzera mpaka lero mumawapatsa ana anu chifukwa choti iwo sanavomerepo. Ku bala mumaloza njira ngakhale mlendo. Nanga mchimwene wanu, mkazi wanu, mayi anu, atakugwirani dzanja lero n'kunena kuti ndikufuna kusiya, ndipite kuti, mungamulozere chitseko chiti? Mukuchidziwa? Munafunsapo? Ndani mwa inu ali ndi chipinda chongokhala, amene angatibwereke kawiri motsatizana kuti mipando ya amuna anga isiye kuyenda mobisala pansi pa lona?

Ndipo inu alamu, ndikudziwa kuti magazini ino mumaiwerenga ku saluni, tsitsi lili m'chowumitsira. Munati ndinapha achimwene anu. Ndavomera mbali yanga pamaso pa anthu onse. Inu munasankha kuti afe ali chete kusiyana n'kuti achire akulankhula. Yanuyo muivomera liti?

Ndakufunsani nonse. Ndiyankheni.